Si Chikuta, Ndi Chipinda Chotsukira Zithunzi

Limbe,
Okutobala, 1958

Amayi anga okondedwa,

Ndiyamba ndi moni, poti ndi mmene munandilerera, ngakhale mtima wanga ukufuna kuyambira pena. Muli bwanji ku Mphunziko? Bondo lija linkakuvutani nthawi yachisanu lasiya, kapena mukungolilimbira mtima monga mwa khalidwe lanu? Achimwene a Timoteyo, alamu ndi ana akudzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino. Ndibwereze kuti zimveke: ndili bwino thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuchidendene. Mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Kalata yanu inandipeza kuntchito. Ndinaiwerenga chilili kuseri kwa kauntala, ndipo Mmwenye amene ndimamugwirira ntchito ataona nkhope yanga anafunsa ngati kwathu kwagwanso maliro. Ndinamuyankha kuti ayi, anthu onse ali moyo, kwamwalira nzeru basi. Sindinkanena inu. Amene ndinkanena mukuwadziwa.

Kalata ino muwerenge nokha. Ndalemba zilembo zikuluzikulu dala kuti musaitane munthu wokuthandizani. Mukhale pakhonde, mutambasule bondolo, muziwerenga pang'onopang'ono. Mukapsa mtima pakati, muiike pansi, mukamwe madzi, koma mubwerere mudzaimalize.

Mwati ndibwere kumudzi mwezi uno usanathe, kuti ntchembere zikandilowetse m'nyumba, zikandivule, zikandifinye mabere zione ngati mukutuluka mkaka. Mwati azakhali a Magadalena anandipeza m'chikuta kuno ku Limbe, ndipo mudzi wonse ukufunsa komwe ndinataya mwana. Mwati mwasiya kupita kumapemphero a amayi chifukwa mukangolowa nyimbo imazilala. Mwatinso ndikapanda kubwera ndiiwale kuti ndili ndi mayi.

Sindibwera.

Ndawalemba paokha mawuwo kuti musawaphonye. Thupi langa si mbuzi yapamsika yoti aliyense aziigwiragwira kufuna kudziwa ngati ili ndi bere. Makamaka sindingavule pamaso pa azakhali, amene mlandu anauweruza kale ali m'basi. Koma inu munandibereka, ndiye muyenera kumva zonse mmene zinayendera, osati mmene zinafikira kumeneko zitadutsa pakamwa pa munthu.

Mukukumbukira kuti pa Pasaka ndinabwera ndi kamera yanga ya bokosi ija, imene ana ankaithawa n'kumati imadya anthu. Ndinajambula mafilimu awiri. Filimu ndi kalamba kopyapyala kokulunga kamene kamakhala m'kati mwa kamera. Ndikajambula munthu, nkhope yake imagona mmenemo koma siioneka, monga mbewu imene mwaikwirira isanamere. Kuti ioneke, filimuyo ndiyenera kuifunyulula ndi kuitsuka m'mankhwala, ndipo nthawi yonseyo isaone kuwala ngakhale kochepa ngati kwa chiphaniphani. Ikangoona, yapsa. Palibe mankhwala ena oibwezera, palibe pemphero.

Kusitolo yojambula zithunzi kumene ndimagwira ntchito chipinda chamdima chilipo, koma ine sindiloledwa kugwiramo kanthu. Yanga ndi kulemba mayina, kupesa ana asanajambulidwe, ndi kubwereketsa jekete ndi tayi kwa amuna ofuna kuoneka ngati makalaliki. Wotsuka ndi mphwake wa bwana, munthu waulesi, amene mafilimu a azungu amayamba nawo mankhwala ali atsopano, a ife n'kutsiriza nawo mankhwala atatopa. N'chifukwa chake anthu akuda pazithunzi zake amaoneka ngati chitsa chopserera chavala malaya. Ine ndinaphunzira pomutungira madzi, pomufunsa ngati chitsiru, ndi powerenga kabuku kachingerezi kamene iye amatsamiritsa chitseko. Sukulu ija azakhali ankati ikundichedwetsa kukwatiwa inandithandiza pamenepo.

Mudziwa kuti abambo ankakana kujambulidwa. Ankati kunkhondo anawajambula kokwanira, atawapachika nambala pachifuwa ngati ng'ombe yopita kudibi. Tsiku lomwe ndinkanyamuka ndi pamene anavomera, koma anati nkhope yawo ndikaitenga ine ndikaitsuke ndine, isakagwiridwe ndi manja a anthu osawadziwa dzina. Ndinalonjeza. Inu munalipo. Sitinkadziwa kuti chisanu cha mu Juni chiwatenga.

Ndiye chifukwa chake ndinachoka m'nyumba imene tinkapanikizanamo ndi atsikana anzanga, n'kukapeza kachipinda kangakanga kuseri kwa nyumba ya a Jestina, mayi wa ku Mulanje amene amagulitsa zitumbuwa pasiteshoni. Kachipindako n'kakang'ono, ukagona mapazi amagunda khoma. Kali ndi zenera limodzi loyang'ana kunjanji. Mudzafunsa kuti bwanji osangodikira usiku, mdima wa Mulungu waulere. Amayi, kuno si ku Mphunzi. Kuno usiku anauthamangitsa. Magetsi a kunjanji amayaka mpaka kucha, ndipo galimoto iliyonse yokhota pamsewu imaponya kuwala kwake pakhoma langa. Mdima kuno umachita kumanga ndi manja ngati nkhokwe.

Ndinayamba ndi chitenje, poti ndinali ndisanachenjere. Nditachipachika pazenera chipinda chinangosanduka chamaluwamaluwa. Ndinaonjeza ziguduli za chimanga. Chiguduli ndi sefa, dzuwa limangodutsa ngati ufa. Kenako ndinapempha makatoni a sopo kusitolo, ndinawadula molingana ndi zenera, ndinawapaka phula limene amuna okonza msewu anandigawira m'chitini, n'kuwakhomera ndi timatabwa. Pakati panada bii. Koma m'mbali monse munatsala mizere yoyera, ngati wina wajambula zenera ndi choko pa bolodi.

Apa m'pamene ndinakumbukira inu. Ndinapita kuchulu chakuseri kwa njanji, ndinakumba dothi, ndinalisakaniza ndi udzu wodula, ndinaliponda monga tinkachitira pomata nkhokwe, n'kumata m'mbali monse, m'kati ndi kunja komwe. Likauma limang'aluka, ndiye umabwereza ndi lamadzimadzi, kusalaza ndi chikhatho. Kunja ndinasiya ziguduli zija kuti mvula isadzakokolole. A Jestina anaima manja ali m'chiuno, akuti chibadwire sanaonepo mtsikana wa sekondale akuponda matope. Ndinawauza kuti ayang'anitsitse, mwina sadzaonanso.

Zenera litatha ndinadzitsekera m'kati dzuwa lili paliwombo. Poyamba umati wapambana, suona ngakhale dzanja lako. Koma uyenera kukhala duu, kudikira mpaka maso atazolowera, ndipo pamenepo mdima umayamba kuulula. Ndinayang'ana kumwamba, ndinaona nyenyezi masana: tibowo ta misomali yakale m'malata. Ndinakwera padenga ndi chitini changa cha phula, siketi nditaimanga ngati kabudula, amuna a kunjanji akuimba miluzu. Wina anafuula kuti nditsike andikwatire. Ndinamuyankha kuti akwere kaye adzagwire chitini ndione ngati ali ndi ntchito. Sanakwere.

Maso amanama, ndiye pali njira ina yoyesera. Ndimatenga kapepala kotsukirapo zithunzi, ndimaikapo kobiri, ndimakasiya patebulo kanthawi mumdimamo, kenako ndimakatsuka. Kakatuluka koyera konse, mdima wakwana. Kakatuluka kotuwa, pali kamwezi koyera pamene panagona kobiri, ndiye kuti kuwala kukuba penapake, uyambirenso kusaka. Ndinasaka mpaka kobiri anasiya kuoneka. Tsiku limenelo ndinavina ndekha m'chipinda, ndinagunda bondo kubedi.

Mdima wanga unayamba kudzetsa alendo. Amayi a pampopi ankang'ung'udza kuti munthu wosakwatiwa ndowa zonsezi akuchapa chiyani. Kenako, poti masiku ano tauni yonse ikulankhula za chitaganya ndipo misonkhano ili ponseponse, wina anakanena kuti m'nyumba yomata zenera akusindikizamo mapepala a ndale. Kunabwera wapolisi. Anagogoda, anadikira, analowa, ananunkhiza mabotolo, anayang'ana zithunzi zoyanika pachingwe. Anachoka atandipempha kuti ndimujambule atavala yunifolomu, atumize kwa chibwenzi chake. Mwaona, amayi? Munthu amene ntchito yake ndi kukayikira anthu anafunsa kaye asanaswe kanthu.

Tsopano za azakhali. Chipitire mwana wawo Kenan ku Joni, patangopita nthawi pang'ono nditamujambula pa Pasaka paja, sanalembe ngakhale kalata imodzi. Azakhali ankanditumizira uthenga ndi aliyense wobwera kuno, akuti chithunzi cha mwana wawo chili kuti. Ndinawamvera chisoni, Mulungu ndi mboni. Ndinati filimu yoyamba ija, mmene munali Kenan, munali inu mukukumba kachewere, munali ana a achimwene pakhonde, ndiyambe ndi imeneyo, ya abambo idikire mpaka manja anga atakhwima. Ndinali nditayeserera kale pa mafilimu a anthu a m'lokeshoni muno ndipo onse anatuluka bwino.

Linali Loweruka masana nditaweruka. Ndinatseka chitseko, ndinatsekera nsanza pansi pake, ndinayala mabeseni anga pansi, ndinazima nyali. Filimu ili m'manja, nditangoifunyulula n'kuiviika, ndinamva odi panja. Azakhali sanandiuze kuti akubwera. Mawuwo ndinawazindikira, ndipo ndinafuula kuti azakhali takulandirani, koma dikirani pang'ono chonde, musakhudze chitseko, musatsegule chilichonse.

Zimene zinkachitika panjapo anandiuza pambuyo pake a Jestina. Akuti azakhali anayang'ana zenera lomata ndi dothi, anayang'ana nsanza pansi pa chitseko, anamva madzi akugwedezeka m'beseni, ananunkhiza fungo lowawasa la mankhwala, n'kutula katundu wawo pansi. Mukudziwa kuti iwo ndi mzamba, alowa m'zikuta kambiri kuposa m'tchalitchi. Kwa iwo, nyumba yotseka mipata yonse masana, mkazi ali m'kati akukaniza anthu, ili ndi tanthauzo limodzi basi. A Jestina anawauza kuti mayi khalani pansi, mwanayu akutsuka zithunzi. Azakhali akuti zithunzi si matewera oti n'kuchapa, mwana wa mlongo wanga akufera m'katimo inu mukundiimbira nyimbo za m'tauni.

Anatola munsi wa a Jestina. Atamenya koyamba dothi linagwa. Atabwereza katoni inang'ambika, ndipo dzuwa la Seputembala linalowa lonse ngati mtsinje wosefukira. Ine ndinayesa kubisa filimu m'diresi, pamimba, nditawerama. Ndiye mmene anandionera posuzumira pabowopo: nditagwada, nditagwira pamimba, mabeseni ali pansi, madzi ofiirira atatayikira pasimenti, ndikulira. Eya, ndinkalira. Anathamangira kuchitseko, anachigunda ndi phewa mpaka thabwa linang'aluka kuchokera pamwamba kufika pansi. Mphamvu ali nazo alamu anu aja, musamawamvere akamadandaula msana nthawi yolima.

Ndinawaonetsa filimu. Inali itada bii kuyambira uku mpaka uko, ngati chubu cha njinga. Ndinati azakhali, Kenan wanu ndi ameneyu, mwamuotcha nokha, mutengeni. Iwo akuti ndisawapusitse, munthu sakhala m'lamba. Anagwira zala zanga, anaona zikhadabo zitafiira ndi mankhwala, anapukusa mutu. Anasuzumira pansi pa bedi, anatuluka kukayang'ana kuchimbudzi ndi kudzala. Atabwerako anandikokera pakona n'kundinong'oneza kuti Nangozo, undiuze ine ndekha, wamuika kuti, tikonze mwamwambo anthu asanayambe kudwala.

Ndinawalozera zithunzi za anthu ena zili pachingwe. Akuti zimenezo ndagula kuti ndiphimbire. Ndinati ndikanakuonetsani ntchito yake ndi maso, koma mdima mwauswa. Madzulo ndinawaphikira nyemba. Anafunsa kuti mchere wathira ndani. Nditati ndine, anakankha mbale ndi chala chimodzi, akuti iwo sakufuna kudulidwa ndi mchere wa mkazi wochokera m'chikuta, ali ndi zidzukulu zoti alere. Anakadya mbatata yootcha kwa a Jestina, anagona komweko, m'mawa anakwera basi. Anabwera kudzatenga chithunzi, anabwerera ndi nkhani. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Awa anadza nako ndithu, anameta nako dzina langa.

Poti ndanena zoona zonse, ndinenenso ichi: za munsi ndikhoza kuzimvetsa. Ngati munthu akukhulupirira kuti mwana wa mlongo wake akutha magazi kuseri kwa khoma, aswe khomalo. Ndikanakhala ine mwina ndikanaswanso. Chimene sindikhululuka ndi pakamwa. Anaona ndi maso awo kuti mulibe mwana, mulibe magazi. Anandiona ndikusesa dothi limene anagwetsa, ndikusenza ndowa pamutu kuchokera kumpopi. Koma kuvomera kuti alakwa kukanakhala kuvomera kuti nkhope ya Kenan aipha okha, ndiye anasankha kuti wolakwa ndikhale ine. Musandiuze kuti ndi akulu. Ukulu si chiphaso chonamizira ana. Iwo ndi Nangozo, inenso ndine Nangozo, tiona amene ayambe kuphethira.

Ndipo inu, amayi, chimene chinandibaya m'kalata yanu si kundiitana. Ndi kuti simunafunse. Ndinafunafuna mzere umodzi wokha woti Falesi, kodi n'zoona? Ndinatembenuza pepala, kuseri kunalibenso. Pamaliro a abambo tinagona mphasa imodzi, tinasamba limodzi kudambo, nsalu yakuda munandimanga nokha m'chiuno. Munaona chiyani? Kapena maso a azakhali amaona bwino kuposa anu pa mwana amene munamubereka inu?

Zenera ndamatanso, tsopano ndi makatoni awiri ndi thabwa kunja kwake, kuti munsi wina ukadzabwera udzatope. Chatsala ndi chitseko. Mmisiri anachilumikiza koma chinapindika, ndipo mng'alu uja ukuseka. Ndikaumata, dothi limagwa ndikangotsegula. A Jestina akuti chitseko chatsopano ndikachifune kwa azakhali anga ndi munsi wawo. Ndapachika ziguduli, ndapachika bulangeti langa la m'sitolo, lopyapyala loti mutha kuwerengera nyuzi kuseri kwake. Kobiri akuonekabe papepala. Anthu akubwera ndi mafilimu awo ndikuwabweza, ndipo mumdima wodontha chonchi sindingaikemo abambo.

Pempho langa ndi limodzi. M'bokosi lachitsulo la abambo muli bulangeti lawo la kunkhondo, lotuwa lija, lolemera ngati chikopa cha ng'ombe. Ndili mwana ndinkabisalamo masana pothawa kukatunga madzi, ndipo ndikukumbukira kuti m'kati mwake munalibe dzuwa ngakhale pang'ono, munali fungo la utuchi wa paini ndi fodya basi. Ndikalipinda pawiri n'kulikhomera pachitseko, mdima wanga ukwana. Ndikudziwa kuti katundu sanagawidwe, ndikudziwanso kuti azakhali analiloza kale kuti ndi la Kenan. Sindikulanda. Ndikubwereka, ndipo ndikubwereka kwa inu.

Koma musalipatsire munthu, musalikweze pa lole ya matabwa. Mubwere nalo nokha. Za ulendo ndalembera achimwene, adzakuperekezani mpaka paboma, adzakukwezani basi, ine ndidzakuchingamirani kuno. Mwakhala mukunena kuti simunaonepo sitima. Ili pakhomo panga, imandidzutsa m'mawa uliwonse. Mukafika tidzatseka chitseko. Ngati mtima wanu ukufunabe kuona thupi langa, mudzalione inuyo amene munalisambitsa lili lofiira. Kwa inu ndidzavula popanda kuyankha. Mukatero mudzadya ndiwo zothira mchere ndi dzanja langa, mpaka mbale iyere. Kenako tidzakhomera bulangeti, tidzazima nyali, mudzakhala pabedi osagwira kanthu, ndipo lonjezo lija ndidzalikwaniritsa inu muli pambali panga.

Mumdimamo simudzaona kalikonse, mudzangomva madzi. Zokoma zili mawa lake, filimu itauma. Pamenepo ndimayatsa nyali yotchinga ndi nsalu yofiira, chifukwa pepala kuwala kofiira silikuopa. Umaika pepala loyera m'beseni, umaligwedeza pang'onopang'ono, palibe kanthu, palibe kanthu, kenako waona timadontho tiwiri takuda, ndiwo maso. Kenako tsitsi, kenako mapewa, munthu akutuluka m'madzi monga limatulukira Phiri la Dedza nkhungu ikamachoka. Ndaona kambirimbiri koma mtima umagundabe.

Filimu ya abambo inapulumuka chifukwa ndimaisunga m'chitini cha tiyi, chitinicho mumtsuko wouma pansi pa bedi. Azakhali anausuzumira mtsukowo, anaona chitini, sanachitsegule. Pamenepo pokha Mulungu anawagwira dzanja. Koma filimu siidikira mpaka kalekale. Kutentha kwa kuno, pansi pa malata, kumaidya pang'onopang'ono, ndipo mvula ikayamba chinyezi chidzamaliza. Mtsukowo ndimaufunditsa chiguduli chonyowa ngati munthu wa malungo. Bwana wanga akuti ndingobwera nayo, mphwake aitsuke lero lomwe. Ndinakana. Ndinalonjeza, ndipo amene ndinawalonjeza sangandimasulenso.

Ndiye nkhani ili m'manja mwanu. Kumudzi sindibwera kudzafinyidwa, kaya mwezi uno kaya wamawa. Chitini sinditsegula popanda bulangeti, bulangeti sindilandira popanda inu. Mukasankha kukhala ndi mawu a azakhali, abambo adzazimiririka mumtsuko mwakachetechete, ndipo madzi akatayika saoleka. Sindikukuopsezani. Ndikungokuuzani mmene filimu imakhalira.

Pali china chimene sindinakuuzeni. Tsiku lija abambo anaima pafupi ndi mulu wa matabwa awo, atavala jekete la kutchalitchi, ataumitsa khosi ngati ali pa perete. Ndinati ayang'ane kwa ine. Chala changa chili kale pa batani, inu munatulukira kumbali mukukalipa kuti kolala yapindika, munthu wamkulu angajambulidwe bwanji ngati wagona kumowa. Iwo anatembenuka. Ndinadina pomwepo. Pa filimu yonseyo chithunzi chimene ndikuchifuna ndi chimenecho. Sakuyang'ana kamera, akuyang'ana inu, ndipo akuseka. Ine ndinaona pakagalasi kakang'ono, kamphindi chabe. Inu simunaone, munali kalikiliki ndi kolala. Bwerani mudzaone mmene ankakuyang'anirani.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu. Ana muwauze kuti chithunzi chawo chinapsa koma ndidzawajambula china, asambe kaye. Moni kwa amalume ku Chongoni ndi kwa amayi aang'ono. Amayi a kumapemphero muwauze kuti ndili bwino, aziimba nyimbo yawo mpaka kumapeto. Azakhali sindikuwapatsa moni. Akafunsa muwauze kuti pepala linatha, ngakhale mukuona nokha kuti malo alipo. Koma Kenan akalemba mundidziwitse, iye sanandilakwire.

Bulangetilo mulikunthe fumbi, mulipinde bwino. Misomali ndagula kale.

Ine mwana wanu, wosamva monga mundidziwira,
Falesi Nangozo